Kodi Reji Yanu Yagona M'manja mwa Yani?

Ana anga, inu amene mwakulira ku Parklands ndi ku Riverside, amene Chibemba chimakutulukani msanga kuposa Chichewa cha makolo anu a ku Katete ndi ku Chadiza, ndakulemberani m'chinenero cha kwathu dala, kuti muwerenge pang'onopang'ono. Nkhani yake ndi ya zinthu zimene mumasiya m'manja mwa anthu tsiku ndi tsiku: dzina, nambala ya reji, nambala ya foni, nkhope, chala, ndi malo onse amene mwapondapo.

Tangotengani tsiku limodzi lokha. M'mawa mwagula mayuniti a magetsi pa foni, mita ya ZESCO yalembedwa pamodzi ndi nambala yanu. Mwaitana galimoto pa app, app yadziwa geti lomwe mwatulukira ndi lomwe mwakatsikira. Ku chipatala mwapereka khadi, matenda anu alowa m'kompyuta. Masana mwadutsa ku Mukuba Mall, makamera akuperekezani kuchokera poimika magalimoto mpaka polipirira. Mwatapa ndalama pa Airtel Money kapena pa MoMo. Madzulo mwabetcha mpira wa Nkana ndi Power Dynamos, kenaka mwagona foni ili pamtsamiro. Pa zonsezi palibe mlandu ndi umodzi womwe. Koma atapezeka wozisonkhanitsa pamodzi, angadziwe za inu zimene ngakhale mayi anu sazidziwa: nthawi imene nyumba imatsala yopanda munthu, tsiku limene malipiro amalowa, mankhwala amene mumamwa, ndi kumene mumagona Lachisanu.

Kulembedwa kwa munthu ku Kopala kuno sikunayambe ndi foni. Mmene tauni ya Kitwe inkakhazikitsidwa mu 1936, mwamuna aliyense wakuda wofuna ntchito ankayenda ndi chitupa. Pa chitupapo panali dzina lake, mudzi, mfumu, boma la kwawo, ndi umboni woti wakhoma msonkho. Ku mgodi ankamupatsanso nambala n'kumudinditsa zala, ndipo malipiro ankawerengera pa tikiti ya masiku 30 ogwira ntchito. Parklands mukukhalayi inali ya azungu. Munthu wakuda ankagonamo ngati ali khukhi kapena wa m'maluwa, m'kanyumba ka kuseri, ndipo akapezeka mumsewu usiku, wapolisi ankayamba kufunsa pasi asanafunse dzina. Enafe kwathu kunali ku Wusakile, ku Chamboli, ku Mindolo.

Pali chinthu chimene ife a kum'mawa sitikonda kuchikamba. Ambiri mwa makalaliki amene ankalemba makadi a antchito anali anthu a kwathu, ochokera ku Fort Jameson ndi ku Nyasaland, ophunzira kumishoni, a dzanja losalala polemba. Bambo anga anali mmodzi wa iwo. Iwo ankati khadi la munthu linkayamba ndi zabwino zokhazokha. Dzina la mkazi linkalembedwa kuti alandire phoso, ana ankawerengedwa kuti banja lipatsidwe nyumba, mudzi unkalembedwa kuti munthu akafera pansi pa mgodi uthenga ukafike kwawo. Ndani akanakana kupereka zimenezo? Koma ikabuka sitalaka, monga ya 1935 kapena ya 1940, khadi lomwelo ndi lomwe linkauza bwana kuti wolankhulitsa uja ndi wa kwa mfumu iti ndipo amagona nyumba nambala yanji. Akamuchotsa ntchito, zala zake zinkamutsogolera ku mgodi wina mwini wake asanafikeko. Bambo sanalembepo bodza pa khadi la munthu, koma anakalamba akudandaula ndi makadi ena amene anawalemba bwino kwambiri.

N'chifukwa chake mu 1961, nthawi ya Cha Cha Cha, anthu ankaunjika zitupa n'kuzitentha, makamaka ku Luapula ndi kumpoto. Ufulu utabwera mu 1964, boma lathulathu linatipatsa reji yobiriwira, ndipo tinailandira ndi manja awiri poti inkasonyeza kuti dziko ndi lathu. Reji sindikuinyoza ayi. Popanda iyo simuvota, simulandira za ku NAPSA, simutsegula akaunti ku banki. Komabe m'zaka za chipani chimodzi, UNIP isanagwe mu 1991, tinaphunzira kuti boma la anthu akuda nalonso limakonda kutchera khutu. M'mabala a ku Buchi ndi ku Chimwemwe munthu ankayamba wacheuka asanadandaule za mtengo wa ufa, kuopa a shushushu. Abale athu a ku Malawi anaziona zoposa apa: khadi la chipani pakhomo la msika, ndi makalata ofika m'manja mwa mwini atawerengedwa kale panjira. Koma shushushu anali munthu. Ankatopa, ankaledzera, ankaiwala, ndipo nthawi zambiri tinkamuzindikira poti botolo lake limodzi silinkatha usiku wonse. Zimene zikukulembani inuzi sizitopa ndipo siziiwala.

Ndikanena zotere mumandiyankha kuti, “Ba shikulu, ine ndilibe chobisa.” Yankho limeneli limandiseketsa. Kwathu mkazi akaima, nkhani imayamba kwa anamkungwi ndi kwa apongozi, ndipo sailengeza pabwalo. Kodi pakati ndi mlandu? Munthu akapezeka ndi nthenda yaikulu, amayamba kuuza mkazi wake ndi malume, ena amamva nthawi yawo ikakwana. Za m'banja zimapita kwa ankhoswe. Makolo sankabisa zimenezi chifukwa cha manyazi. Ankadziwa kuti nkhani iliyonse ili ndi eni ake ndi nthawi yake, ndipo ikafika kwa wosayenera nthawi isanakwane imapweteka munthu wosalakwa. Amene akuti alibe chobisa andipatse foni yake yosakiya ndikhale nayo mpaka mawa, tione ngati agone tulo.

Chimene chimandidetsa nkhawa kwambiri si makina a ku China kapena a ku America. Ndi kope la pageti. Mukulidziwa kope lija lachikuto cholimba, lomangiriridwa bolopeni ndi kaulusi, limene mlonda amakukankhirani pawindo la kanyumba kake. Mizere yake ndi yojambula pamanja ndi rula: tsiku, dzina, nambala ya reji, nambala ya foni, kumene mwachokera, amene mukufuna kuonana naye, nthawi yolowera, siginecha. Mukamalemba mzere wanu, maso anu akuona mizere ya onse amene alowa inu musanafike, ndipo wobwera m'mbuyo mwanu aonanso wanu. Munthu angathe kuima pomwepo ngati akuyankha meseji, pamene akujambula tsamba lonse. Nanga kope likadzaza limapita kuti? Ndinafunsapo mlonda wa pa ofesi ina m'tauni muno. Anaseka, n'kundilozera katoni ya pansi pa benchi, mmene munali makope akale pamodzi ndi kontena yake ya nsima. Mlondayo sindimuimba mlandu, anamuuza kuti alembetse anthu ndipo akulembetsadi. Palibe anamuuza kuti m'katonimo muli katundu wa anthu.

Za mafotokope ndiye musanene. Ntchito iliyonse imene mwafunsira, koleji iliyonse, landilodi aliyense, onse amafuna fotokope ya reji, kutsogolo ndi kumbuyo. Yoyamba ikatuluka yakuda, mtsikana wa pamakina amaiponya pambali n'kujambula ina, inu n'kunyamuka ndi yabwinoyo. Yakuda ija idakali ndi nkhope yanu ndi nambala yanu. Mapepala otere ndi amene mumawapeza atakulungira mtedza wokazinga pa siteshoni ya mabasi. Tsono mverani: fotokope yolakwika muziitenga, ngakhale akulipiritseni. Imene mukupereka muzilembapo modutsa pakati ndi bolopeni kuti mwaipereka kwa yani, pa ntchito yanji, tsiku liti, kuti wina asakaigwiritse ntchito pena. Pa kope la pageti, ngati mukungosiya envelopu, funsani mwaulemu ngati nambala ya reji ikufunikadi. Alonda ambiri amangoti lembani dzina basi. Safunsa anadya phula.

Mwina mukuti munthu angatani nayo fotokope yakuda. Boma, kudzera ku ZICTA, linalamula kuti simukhadi iliyonse ilembetsedwe pa dzina la mwini wake, ndipo zosalembetsa zinadulidwa kumayambiriro kwa 2014. Cholinga chinali chabwino, choti wakuba pa foni azipezeka. Koma wakuba si chitsiru. Anasiya kugwiritsa ntchito dzina lake n'kuyamba kusaka la mnzake. Meseji ija nonse munailandirapo, yakuti “Ndalama zija tumizani pa nambala iyi, dzina lituluka lakuti,” dzina limene limatulukalo nthawi zambiri si la wakubayo. Ndi la agogo ena akumudzi amene anapereka reji poganiza kuti akulembetsa feteleza, kapena la mnyamata amene anabwereketsa reji yake kwa mnzake posinthana ndi mabandulo. Apolisi akailondola nambalayo amakagogoda pakhomo pa mwini reji, ndipo iye ndi amene amayamba kufotokoza ali m'chitokosi. Imbani *101# muone kuti simukhadi yanu inalembetsedwa bwanji, ndipo ngati mukukayika pitani ku ofesi ya kampani ya foniyo mukafunse manambala onse amene ali pa reji yanu. Meseji ya akathyali musangoifufuta, muziineneza pa *707#.

Musaganize kuti ndi ntchito ya tianyamata tapamsika tokha. Mu Epulo 2024 a Drug Enforcement Commission, pamodzi ndi apolisi ndi a ZICTA, anakhamukira pa kampani ya Golden Top Support Services ku Roma mu Lusaka. Anagwira anthu 77 ndipo anapeza masimukhadi oposa 13,000. Mu Juni chaka chomwecho anthu 22 a ku China anagamulidwa kukakhala kundende zaka za pakati pa 7 ndi 11. Chimene chinandiwawa pa nkhaniyi ndi chakuti ambiri mwa ogwidwawo anali ana athu a zaka za m'ma 20, amene anawalemba ntchito powauza kuti akakhala oyankha mafoni a makasitomala. Ankapatsidwa mawu olembedwa kale oti azinyengerera nawo anthu pa WhatsApp ndi pa Telegram. Ulova ndi woopsa, ndikudziwa, ndipo mwana amene wakhala pakhomo zaka zitatu ndi digiri ya ku CBU safunsa zambiri akamva kuti kuli ntchito. Komabe ntchito imene tsiku loyamba akukupatsani mndandanda wa manambala a anthu osawadziwa ndi dzina lonamizira loti muzidzitchula, imeneyo ituleni pansi dzuwa lisanalowe.

Tsono ndifike pa chimene ndikufuna mugone nacho. M'foni mwanumo simuli zanu zokha. Muli nambala ya mayi anu, ya abusa, ya bwana wanu wakuntchito, ya mlamu amene simulankhulana naye bwino, ya mtsikana amene anakupatsani nambala yake chifukwa anakukhulupirirani. Anthu onsewa anakusungitsani. Kale munthu akafuna kaloba ankapita yekha kwa wobwereketsa, n'kusiya wailesi kapena khadi la ku banki ngati chikole, ndipo manyazi ake ankathera pakati pa awiriwo. Lero kaloba ali pa app. Imakulonjezani K500 m'mphindi zisanu, koma isanakupatseni imapempha kuti ione manambala onse a m'foni, mameseji ndi zithunzi. Inu poti njala yakupanani mumangodina kuvomera osawerenga. Mwapereka chikole cha anthu ena. Tsiku lobweza likadutsa, meseji imapita kwa apongozi ndi kwa akulu ampingo yonena kuti mwana wanu ndi mbava. Ndinaona mayi wina wachikulire wa kumpingo kwathu akunjenjemera ndi foni m'manja pambuyo pa mapemphero, ataimbiridwa ndi munthu wachipongwe za ngongole ya mdzukulu wake imene iye sankaidziwa n'komwe. Khalidwe limeneli linafala m'mayiko ambiri moti mu 2023 Google inaletsa ma app a ngongole a pa Play Store kuona manambala ndi zithunzi za m'foni za obwereka. Ndiye app ya ngongole ikakupemphanibe zimenezo, kapena ikabwera ngati linki ya pa WhatsApp, dziwani kuti mwakumana ndi yolowera pawindo. Kubwereka si tchimo. Koma bwerekani kwa amene ali ndi chilolezo cha Bank of Zambia, ndipo chikole chikhale chanu.

N'chimodzimodzi ndi magulu a maliro. Munthu akamwalira, pasanathe ola gulu la WhatsApp latsegulidwa, anthu 200 alowetsedwamo osafunsidwa, aliyense akuona nambala ya mnzake. Msungichuma amaika mndandanda wa opereka chipepeso ndi ndalama zawo. Wina amaika chithunzi cha kalata ya kuchipatala yonena chimene chapha munthu, poti akufuna kutsimikizira abale a kunja. Wina amalengeza kuti banja lonse linyamuka Lachitatu kukaika maliro ku Petauke ndipo libwera Lamlungu. Mwauza wakuba kuti nyumba ya ku Parklands ikhala yokha masiku anayi, mwamuuza amene ali ndi ndalama m'banjamo, mwamupatsanso dzina la msungichuma loti anamizire potumiza nambala ina. Matenda a malemu, amene mwini wake anawasunga zaka zambiri, mwawamwaza tsiku limodzi iye atagona chete osatha kudziyankhira. Mwambo wa maliro suletsa foni. Koma gulu likhale la ochepa, woyang'anira akhale munthu wokhwima, ndipo maliro akatha litsekedwe.

Za ana ang'onoang'ono ndingonena mwachidule. Khanda la masiku awiri lili kale pa Facebook, dzina lonse, tsiku lobadwa ndi chipatala. Likayamba sukulu, chithunzi chili pompo, yunifolomu ndi baji zikuoneka bwinobwino. Mwanayo sanavomere, ndipo adzazipeza zonsezo akadzakula.

Nanga boma? Apa ndilankhula mosamala koma mosabisa. Mu Ogasiti 2019 nyuzipepala ya Wall Street Journal inalemba kuti akatswiri a kampani ya Huawei anathandiza akuluakulu a kuno kulowa m'mafoni ndi m'masamba a Facebook a anthu amene ankayendetsa tsamba la Koswe lotsutsa boma, mpaka anawalondola n'kuwagwira ku Solwezi. Huawei inakana, boma nalonso linakana. Mu Disembala 2020 ofufuza a Citizen Lab a ku yunivesite ya Toronto anatchula Zambia pakati pa mayiko 25 amene ankaoneka kuti akugwiritsa ntchito makina a kampani ya Circles, otha kudziwa pamene foni ili ndi kumvetsera zokambirana pongodziwa nambala. Mu Malichi 2021 a Edgar Lungu anasaina lamulo la Cyber Security and Cyber Crimes Act, ndipo otsutsa, kuphatikizapo a Hakainde Hichilema, anati ndi lamulo lotseka anthu pakamwa. Pa 12 Ogasiti chaka chomwecho, tsiku la chisankho, WhatsApp ndi Facebook zinangoti zii, mpaka bungwe la Chapter One Foundation linathamangira ku khoti lalikulu, khoti n'kulamula kuti zitsegulidwe. Boma linasintha. Mu Epulo 2025 a Hichilema anasaina malamulo awiri olowa m'malo mwa lija, Cyber Security Act ndi Cyber Crimes Act. Bungwe la maloya la Law Association of Zambia linadandaula, makamaka poti nthambi yoyang'anira zimenezi ili pansi pa ofesi ya Pulezidenti, ndipo ofesi ya kazembe wa America inachenjeza nzika zake kuti mafoni ndi mameseji awo angathe kumvetseredwa. Boma linayankha kuti palibe amene angamvetsere foni ya munthu popanda chilolezo cha khoti.

Sindikukuuzani chipani choti muvotere, ndipo sindikuti boma likhale lopanda maso. Mbava za pa intaneti zilipodi. Mu Meyi 2022 zinafika mpaka pa makompyuta a Bank of Zambia n'kufuna dipo, banki n'kukana kulipira. Ku Malawi, mu Febuluwale 2024, a Lazarus Chakwera anauza Nyumba ya Malamulo kuti makina opangira mapasipoti alowedwa ndi akuba ofuna dipo, ndipo anthu anakhala milungu osalandira mapasipoti. Dziko liyenera kudziteteza. Koma ine ndaona UNIP, ndaona MMD mu 1991, PF mu 2011, UPND mu 2021. Aliyense akakhala kunja amalira kuti makina omvetsera ndi oipa, akalowa amapeza kuti ndi othandiza. Chipani chimachoka, makina amatsala, ndipo makiyi amapatsidwa kwa wolowa. Choncho lamulo lotere musamaliyese poona amene ali pampando lero, amene mwina mumamukonda. Muziliyesa poganiza kuti lili m'manja mwa munthu amene mumamuopa kwambiri. Mukaona mtolankhani kapena mnyamata wa pa TikTok wa chipani chimene mumadana nacho atatengedwa chifukwa cha zolemba zake, musaombe m'manja. Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe. Ndipo nkhani ziwiri za akuba zija, ya ku Bank of Zambia ndi ya mapasipoti a ku Malawi, zikutiuzanso china: kaundula wamkulu, monga wa reji yatsopano yokhala ndi zala ndi nkhope imene boma likubweretsa, akabedwa amabedwa ndi anthu onse ali momwemo. Nambala yachinsinsi ikadziwika mumaisintha. Chala mulibe china.

Pa chifukwa chomwechi ndinadabwa ndi zimene zinachitika ku Nairobi mu 2023. Achinyamata anaima pamizere italiitali kuti kampani ya Worldcoin iwajambule m'maso ndi kachipangizo kozungulira, posinthana ndi ndalama za pa intaneti zokwana pafupifupi mashilingi 7,000. Boma la Kenya linaimitsa ntchitoyo mu Ogasiti chaka chomwecho, ndipo mu 2025 khoti linalamula kuti zomwe anajambulazo zifufutidwe. Anawo sanali opusa, anali ndi njala. Zoterezi zidzafika kuno, kaya ndi dzina lina, ndipo zidzayambira kumene kuli achinyamata ambiri osowa ntchito.

Muli nacho chida chimene ife tinalibe, koma simuchigwiritsa ntchito. Mu 2021 Nyumba ya Malamulo inakhazikitsanso Data Protection Act. Lamuloli limati wotenga za inu akuuzeni chifukwa chake, atenge zokhazo zofunika pa ntchitoyo, azisunge mosamala, ndipo asazigwiritse ntchito ina imene simunavomere. Muli ndi ufulu wofunsa kuti akusunga chiyani za inu, wouza kuti akonze zolakwika, ndipo nthawi zina wouza kuti azifufute. Zikabedwa, wosungayo ayenera kudziwitsa ofesi ya Data Protection Commissioner pasanathe maola 24. Malawi nayo inakhazikitsa lamulo lofanana nalo mu 2024. Sindikunamizani kuti mukangotchula lamuloli kope la pageti lisowa mawa. Malamulo athu ambiri amagona m'mashelefu. Koma amagona chifukwa palibe wowadzutsa. Kampani ikamakutumizirani mameseji amalonda inu simunaipatse nambala, ilembereni kalata muifunse kumene inaitenga. Ikapanda kuyankha, kadandauleni. Inu munapita kusukulu, Chingerezi cha m'makalata mumachitha. Musangochigwiritsa ntchito pokangana za Arsenal.

Ambiri a inu simuli opereka chabe, mulinso olandira. Wina ali m'kanyumba ka mobile money pa Chisokone, wina ndi namwino, wina ali ku banki, wina amalembetsa masimukhadi pansi pa ambulera, wina amakonza mafoni. Pa zala zanu pamadutsa za anthu mazanamazana. Mayesero ake amabwera ndi nkhope ya chibale. Mnzanu adzati, “Tandionere ngati mkazi wanga analandira ndalama kwa uje.” Azakhali adzati, “Mwana wa aneba uja anabwera kuchipatala kwanu, akudwala chiyani?” Mnyamata adzaona nambala ya mtsikana wokongola amene watapa ndalama, madzulo n'kumuimbira. Zonsezi zimaoneka zazing'ono, koma banja limatha, munthu amasalidwa, mtsikana amayamba kuopa kudutsa njira imene ankadutsa tsiku lililonse. Kukana m'bale n'kovuta, ndipo adzakunenani kuti ntchito yakukwezani mapewa. Muloleni anene. Mukamuuza lero za mnzake, iye yemweyo adzadziwa kuti zake nazonso simungazisunge.

Foni ikawonongeka, musaisiye kwa wokonza pamodzi ndi nambala yotsegulira n'kupita kokagula ndiwo. Chotsani simukhadi ndi memore khadi, ndipo ngati n'kotheka khalani pomwepo. Mukafuna kuigulitsa, tulukani mu WhatsApp, mu Facebook ndi mu imelo, kenaka muifufute yonse ibwerere mmene inalili pogula. Nambala yachinsinsi ya mobile money isakhale chaka chanu chobadwa, poti chakacho chili pa reji imene mafotokope ake ali mbwee m'tauni. Munthu akakuimbirani kuti ndi wa ku kampani ya foni ndipo akufuna manambala amene angokufikani pa meseji, dulani. Kampani yeniyeni siifunsa zimenezo. Ndipo zithunzi za m'chipinda, ana anga, musajambulitse n'komwe. Chikondi chikatha chithunzi sichitha nawo, ndipo ngakhale lamulo limalanga wofalitsa, chilangocho chimabwera anthu ataona kale.

Chotsala ndi cha ife okalamba, ndipo chidzakugwerani inu. Munthu akamwalira masiku ano amasiya foni, ndipo m'fonimo muli ndalama, ngongole, zithunzi, ndi makambirano amene sanali a banja lonse. Ndaona pamaliro foni ya malemu ikuyenda m'manja mwa adzukulu thupi lisanaikidwe, wina akuwerenga mameseji mokweza. Musadzatero. Foni isungidwe ndi munthu mmodzi wamkulu amene banja lamusankha kuyendetsa chuma cha masiye. Iyeyo apite ndi makalata a imfa ku kampani ya foni ndi ku banki, ndalama zitulutsidwe mwa dongosolo, masamba a pa intaneti atsekedwe. Asachedwe, chifukwa nambala ikakhala nthawi yaitali osagwira ntchito kampani imaipereka kwa munthu wina, ndipo mlendoyo amayamba kulandira mameseji a ku banki ndi a abale a malemu, mwinanso kulowa m'magulu a banja ndi dzina la womwalirayo. Zanga ndinalemba kale papepala, manambala onse ndi zoti mudzatseke, ndipo akudziwa pamene pali pepalalo ndi agogo anu aakazi okha. Musavutike kuwanyengerera, sadzakuuzani ine ndili moyo.